Funso la Theka

Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo mwambi umenewu aliyense amaudziwa kuyambira ali mwana. Koma pali munthu wina amene mwambiwu sumutchula, ngakhale kuti nayenso phula amadya ndithu. Ameneyu ndi munthu amene amafunsa, koma pofunsapo amanena mbali imodzi yokha ya vuto lake, mbali inayo n'kuikhalira chifukwa cha manyazi. Zoterezi zidaonekera mphunzitsi wina wopuma pantchito wa ku Zingwangwa, mumzinda wa Blantyre, ndipo chimene chidamutsegula m'maso ndi khoma la nyumba yake yomwe.

Bambowa adagwira choko zaka zoposa makumi atatu, ndipo ngakhale adali atapuma, anthu onse a m'deralo ankawaitanabe kuti Aphunzitsi. Wofuna kulemberedwa kalata yofunsira ntchito ankapita kwa iwo. Wosemphana mawu ndi mnansi wake pa za malire a poloti ankapitanso kwa iwo. Moyo wawo wonse adazolowera kufunsidwa, kotero kuti kufunsa kudali ngati malaya a mwini amene sawakwana bwino. Ndalama zopumira pantchito adagulira nyumba yakale ya zipinda zitatu m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo nyumbayo idali ndi mapaipi achitsulo okwiriridwa m'makoma. Chaka chimenecho mwana wawo wamkazi, chitsiriza, adapeza mbeta yake yomasulidwa, ndipo chinkhoswe chidakonzedwa kuti chidzachitike kumapeto kwa mwezi wa Okutobala pakhomo pomwepo. Akuchimuna ankayembekezeka kuchokera ku Ntcheu. Ndalama zidali zowerengeka, ndipo tambala iliyonse idali ndi ntchito yake kale.

Vuto lidayamba laling'ono. Mpopi wa kukhitchini udayamba kudontha, ndipo usiku anthu akagona kadontho kaja kankamveka nyumba yonse kuti tho, tho, tho. Amayi a m'nyumbamo adatchera ndowa ya malita 20, ndipo adaona kuti ikatcheredwa m'mawa, inkadzaza pofika m'mawa wa tsiku linalo. Aphunzitsi, pokhala munthu wa masamu, adatenga pensulo. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400, choncho mpopi wodontha kamodzi pa sekondi umataya madontho ochuluka chomwecho. Ndowa imodzi pa tsiku ndiye kuti malita 600 pa mwezi, omwe ndi migolo itatu ya malita 200. Adakumbukiranso zimene ankaphunzitsa ana, kuti madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amachokera mumtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakankhidwa ndi makina a magetsi kukwera chitunda chonsecho. Madzi oyenda ulendo wotere si ofunika kuwataya, ndipo dontho lililonse lodutsa pa mita amalipira ndi mwininyumba.

Tsiku lina Lachinayi, amayi atapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, Aphunzitsi adabwereka sipanala yaikulu kwa mnansi. Adali atamvapo kuti m'kati mwa mpopi mumakhala kamphira kozungulira, kamene amisiri amakatcha washala, ndipo kuti kakaperepeseka mpopi sutsekanso bwino. Adatseka madzi pa chotsekera chachikulu cha pafupi ndi mita, kenaka adagwira mutu wa mpopi ndi sipanala ija. Mutuwo udakana, pakuti udali utagwirana ndi dzimbiri. Adakanikiza ndi mphamvu zawo zonse, ndipo m'malo moti mutu umasuke, mpopi wonse udapotoka, m'kati mwa khoma n'kumveka kaphokoso kakang'ono kuti khe. Mtima udawagunda. Adaubweza mpopi uja pamalo pake mofulumira, natsegula madzi, ndipo poona kuti palibe chimene chikutuluka kunja, adapumira m'mwamba. Sipanala adakabweza mwakachetechete. Mpopi udapitiriza kudontha monga kale, ndipo za kaphokoso kaja sadauze munthu, ngakhale mkazi wawo.

Patapita milungu iwiri, pakhoma la pabalaza padaoneka banga lakuda lalikulu ngati lichero, lotalika kufika m'chiuno mwa munthu. Penti adayamba kutukumuka ndi kusupuka, m'mphepete mwa bangalo mudatuluka ufa woyera ngati mchere, ndipo m'chipindamo munkamveka fungo la chuku. Khoma limeneli ndi lomwe alendo akadaliyang'ana akangokhala pansi. Apa Aphunzitsi adaona kuti kufunsa sikungapeweke, koma funso lawo adalikonza mosamala ngati la pamayeso. Kulikonse kumene adapita ankati, "Penti akusupuka pakhoma la pabalaza. Kodi ndingatani?"

Mnansi wawo uja adayankha kuti penti wa madzi ndi wosalimba, koma wa mafuta ndiye amagwira ngati chikopa. Aphunzitsi adatapa pa ndalama za chinkhoswe nagula chitini cha penti wa mafuta. Khoma lidawala masiku asanu, koma tsiku lachisanu ndi chimodzi padatuluka matuza ngati a munthu wopsa ndi phala, ndipo atabaya limodzi ndi singano mudatuluka madzi. Wogulitsa m'sitolo ya zipangizo zomangira adati cholakwa n'chakuti sadayambe ndi penti woyalira pansi, ndipo adali wokonzeka kuwagulitsa chitini china. Mkulu wa mpingo adati denga likudontha, mpaka mnyamata adakwezedwa pamwamba kukayang'ana malata, ngakhale kuti mvula idali italeka kugwa mu Epulo. Mlamu wawo adati nyumba zakale zimayamwa chinyezi cha m'nthaka. Gogo wina wa pafupi adangopukusa mutu nati pakhomo pakamabwera ukwati si onse amene amakondwa.

Kunena zoona, mwa anthu onsewa palibe amene adafuna kusocheretsa Aphunzitsi, ndipo ambiri adanena zinthu zimene zimachitikadi. Denga lodontha limanyowetsa khoma, koma chinyezi chake chimayambira kumwamba ndipo chimabwera nthawi ya dzinja. Nyumba imene maziko ake sadatchingidwe bwino imayamwadi madzi a m'nthaka, koma chinyezi chotere chimayambira pansi n'kumakwera, ndiponso chimatambalala m'litali mwa khoma. Banga la Aphunzitsi lidali pakatikati, lozungulira, ndipo lidabadwa m'chilimwe dzuwa likuswa mtengo. Aliyense adayankha funso limene adafunsidwa. Munthu akapita kwa sing'anga n'kunena za mutu wokha pamene chikumupweteka ndi m'mimba, asadabwe akapatsidwa mankhwala a mutu.

Bilu ya madzi itafika, idali yokwera kuposa ya mwezi wina uliwonse chilowereni m'nyumbamo. Amayi adaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adalankhula mofatsa.

"Bambo, kodi bwanji osakaonana ndi mwana wanu uja amakonza mipopi kumsikayu? Anthu amamutama."

Aphunzitsi adangoti chete. Mnyamata amene ankanenedwayo adali wophunzira wawo zaka zambiri zapitazo. Adalephera mayeso a Sitandade 8 kawiri, ndipo tsiku lina Aphunzitsi atapsa mtima adamuuza pamaso pa kalasi yonse kuti mutu wake ndi mwala wosalowa madzi. Pambuyo pake mnyamatayo adaphunzira ntchito ya mapaipi, ndipo tsopano adali bambo wa ana atatu, pulambala wodziwika m'dera lonselo. Akakumana panjira ankavula chipewa nawapatsa moni mwaulemu, koma Aphunzitsi mawu awo aja sadawaiwale. Adagona usiku umenewo akutembenuka, kadontho kakuwawerengera nthawi. Chinkhoswe chidali chitatsala milungu itatu.

Madzulo a tsiku lotsatira adapita. Adampeza mmisiri uja akulongedza zida m'thumba, ndipo atawaona adapukuta manja msanga nawapatsa mpando.

"Mwatiyendera, Aphunzitsi. Kodi n'kwabwino?"

"N'kwabwino, mwana wanga. Koma penti akusupuka pakhoma la pabalaza. Kodi ndingatani?"

Mmisiriyo sadafulumire kuyankha monga adachitira ena aja. Adayamba kufunsa. Bangalo lili pamwamba kapena pansi? Likukula kapena lili chimodzimodzi? Lidayamba liti? Nanga kuseri kwa khomalo kuli chiyani? Atamva kuti kuseri kwake ndi kukhitchini, ndipo kuti mpopi uli pa msinkhu womwewo, adakhala kaye chete, kenaka adafunsa motsitsa mawu.

"Pepani, Aphunzitsi. Kodi alipo amene adaugwirapo mpopi umenewo masiku apitawa?"

Funso limeneli ndi lomwe Aphunzitsi adakhala akulizemba mwezi wathunthu. Adayang'ana pansi, naona nsapato zawo zodzaza fumbi, ndipo adazindikira kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adafotokoza zonse: za sipanala yobwereka, za mutu wokana kumasuka, za mpopi wopotoka, mpaka za kaphokoso kaja. Mmisiriyo sadaseke.

"Mukadayambira pamenepa, Aphunzitsi, penti uja simukadagula. Khoma lanu silikudwala. Likungolira m'malo mwa paipi."

Tsoka lake, mmisiriyo ankanyamuka m'mawa mwake kupita ku Mangochi kumene adapeza ntchito ya milungu iwiri. Koma adati ntchito ya kunyumbako si yovuta kwa munthu wodekha, ndipo adang'amba pepala la thumba la simenti nawapatsa pamodzi ndi pensulo. Motero mphunzitsi adakhala pa mpando akulemba, wophunzira wake ataimirira akumuuza zolemba.

Choyamba, adati, akonze kudontha kwa mpopi m'njira yoyenera. Atseke madzi pa mita, atsegule mpopi kuti otsalira m'paipi atuluke, athire timafuta pamene pagwira dzimbiri n'kudikira. Pomasula agwiritse ntchito masipanala awiri, ina yogwira thupi la mpopi kuti lisasunthe, ina yopotokola mutu. Kamphira kakale akatenge popita kusitolo kuti akagule kofanana nako. Ndipo a m'nyumba onse aleke kutseka mpopi mwankhanza, poti chimene chimapha kamphirako msanga ndi kukafinya kopitirira muyeso.

Chachiwiri, afunse mita, chifukwa mita siinama. Pa nthawi imene madzi akutuluka bwino m'deralo, atseke mipopi yonse, aonetsetse kuti thanki la kuchimbudzi ladzaza ndipo silikutaya, alembe manambala onse a pa mita, ndipo pasapezeke wotunga madzi kwa maola angapo. Manambala akasuntha, ndiye kuti madzi akuthawira pena pake pobisika.

Chachitatu, akatsimikiza, athimitse magetsi a nyumba yonse asanagogode khoma, pakuti khoma lonyowa ndi waya wa magetsi sizimwerana madzi. Aswe pulasitala pang'onopang'ono mozungulira mpopi, cha kukhitchini, mpaka aone polumikizira. Mmisiriyo adati akukayikira kapaipi kafupi kamene kamalumikiza mpopi ndi kachitsulo kokhota kotchedwa elubo, chifukwa dzimbiri limadya kwambiri pa mazinga, timizere topota tija ta kumapeto kwa paipi, pomwe chitsulo n'chopyapyala. Adawapatsa kapaipi katsopano ka hafu inchi ndi tepi yoyera yokulunga pa mazinga, ndipo adawabwereka masipanala ake awiri. Adawachenjezanso kuti asamange ndi mphira ya chubu cha njinga n'kukwirira, popeza mphira imangothandiza tsiku limodzi kapena awiri, ndiponso kuti asakhudze mita ngakhale paipi yochokera kumsewu kufika pa mita, chifukwa zimenezo ndi za bungwe logawa madzi.

"Nanga za penti?" adafunsa Aphunzitsi.

"Za penti ndingakunamizeni, si ntchito yanga. Koma kuseri kwa msika kuli mdala wina amene wakalambira pa burashi. Mukamuuze zonse monga mwandiuzira inemu."

Mawu amenewa adawakhudza Aphunzitsi. Mwa onse amene adawafunsa, uyu yekha ndiye adadziwa pamene nzeru zake zidalekezera.

Atafika kunyumba adaulula kwa mkazi wawo. Amayiwo adangomwetulira nati sipanala ija adaiona tsiku lomwelo itabisidwa kuseri kwa chitseko, koma adadikira kuti mwiniwake anene yekha. M'mawa mwake ntchito idayambika, amayi atagwira tochi ndi pepala lija, abambo atagwira zida. Kamphira katasinthidwa mpopi udaleka kudontha. Usiku adalemba manambala a pa mita, ndipo kutacha adapeza kuti asuntha, chonsecho palibe adatunga madzi. Ataswa khoma adapeza njerwa zili chonyowa, ndipo pa kapaipi kafupi kaja padali mng'alu wochepa ngati tsitsi, madzi akutsetsereka ngati misozi. Cha kukhitchini khomalo lidali lomatidwa ndi simenti yolimba yosalala, n'chifukwa chake madziwo adatulukira mbali ya pabalaza.

Ulendo woyamba adalephera. Tepi adaikulunga mobwerera m'mbuyo, kotero kuti pomanga idafumbuka, ndipo atatsegula madzi polumikizira padachita thukuta. Adamasulanso, nawerenga pepala lija bwinobwino, ndipo adaona pamene adalemba ndi dzanja lawo lomwe kuti tepi imakulungidwa motsata kumene mivi ya wotchi imayendera, munthu atayang'ana kukamwa kwa paipi. Ulendo wachiwiri padauma gwa. Adasiya dzenjelo losatseka masiku awiri monga adalangizidwira, akumapukuta ndi kansalu kouma kuti aone ngati kanyowe, ndipo mita itafunsidwanso idakhala chete usiku wonse. Pamenepo adasakaniza muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso inayi ya mchenga wosefa, nanyowetsa m'mbali mwa dzenjelo, namata.

Mdala wa penti uja, atamva nkhani yonse kuyambira pa sipanala, adawauza zimene sadafune kumva. Adati khoma limene lamwa madzi mwezi wathunthu siliuma tsiku limodzi. Penti wa mafuta amatseka khoma ngati pepala la pulasitiki, ndipo madzi akasowa potulukira amamukankha n'kupanga matuza. Ufa woyera uja ndi mchere wa m'njerwa ndi m'simenti umene madzi amausungunula n'kuusiya pamwamba akamauma, ndipo uyenera kuchotsedwa ndi burashi youma, osati kutsukidwa. Adati apale penti yense wa pamalopo, atatseka mphuno ndi pakamwa ndi nsalu ndiponso atatulutsa ana, chifukwa penti wina wa mafuta amakhala ndi mtovu umene fumbi lake limawononga thupi. Mazenera akhale otsekula, ndipo kabati isatsamire khomalo. Pamene pamatidwa simenti yatsopano pamafunika milungu pafupifupi inayi penti asanapakidwe.

"Koma chinkhoswe chatsala milungu iwiri," adadandaula Aphunzitsi.

"Ndiye pakani laimu, bambo. Laimu amalola khoma kupuma. Mumusungunule apyapyale ngati mkaka, mupake kawiri kapena katatu, ndipo musamale maso poti amaotcha. Sadzafanana ndi makoma enawo, koma sadzakuchititsani manyazi ndi matuza. Penti weniweni mudzapake khoma likadzauma. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tsiku la chinkhoswe lidafika. Alendo a ku Ntcheu adakhala pabalaza, moyang'anana ndi khoma loyera mbee pakati pa makoma atatu achikasu. Malume a mnyamata, munthu wosabisa mawu, adafunsa ngati imeneyi ndi fasho yatsopano ya m'tauni. Mwezi umodzi m'mbuyomo Aphunzitsi akadayankha kuti penti adawathera. Koma tsikuli adafotokoza nkhani yonse, osasiyako ngakhale za sipanala yobisidwa kuseri kwa chitseko, ndipo anthu adaseka mpaka kugwetsa misozi. Pakati pa oitanidwa padali mmisiri uja, atangobwera kumene kuchokera ku Mangochi. Aphunzitsi adamuimiritsa pamaso pa onse, ndipo sadamutchule kuti mwana wanga monga kale. Adati, "Awa ndi amisiri amene adandiphunzitsa."

Nthawi ya malangizo itakwana, ambiri ankayembekeza kuti bambo wa mkwatibwi, pokhala mphunzitsi, alankhula mpaka nsima kuzizira. Koma iwo adanena mawu ochepa. Adauza ana awiriwo kuti m'banja mavuto sadzalephera kubwera, ndipo akadzabwera asadzachite manyazi kupita kwa ankhoswe awo. Koma popitapo asadzanene zimene mnzawo walakwa zokha, adzayambe ndi pamene iwo eni adapotokola.

Masiku ano anthu ambiri amakonza okha zinthu zing'onozing'ono za m'nyumba, ndipo amachita bwino, chifukwa ndalama n'zosowa ndipo kusintha kamphira ka mumpopi sikulira mmisiri. Alangizi nawonso achuluka: anansi, ogulitsa m'masitolo, mawailesi ndi mafoni a m'manja. Komabe mlangizi aliyense, kaya wa pafupi kaya wa kutali, amaona ndi maso a wofunsayo. Sangadziwe chimene chili kuseri kwa khoma ngati mwini khoma sadanene. Wofuna malangizo oona anene pamene vuto lili, tsiku limene lidayamba, ndi zonse zimene manja ake adachitapo, ngakhale zochititsa manyazi.

Aphunzitsi adapaka penti khoma lija mu Disembala, mvula itayamba kale, ndipo banga silidabwererenso. Pepala la thumba la simenti lija adalipinda bwinobwino naliika m'bokosi momwe amasungiramo masatifiketi awo.